Ana a sukulu ya za sitima pa ofisina yathu ku Cahora Bassa

Mwezi ukawala kwambiri maboti athu amapuma. Kapenta sabwera ku getsi kumwamba kukuwala, ndiye masiku amenewo ma rigi onse, maboti ophera kapenta aja, amakokedwa kugombe, asodzi amapita kukaona akazi awo, ife a ku ofisina, kokonzera injini, ndi pomwe timatuluka thukuta, kusintha oyilo, mafyuluta, kuwotcherera pomwe pang'ambika, kuyang'ana ma winchi ndi mawaya a magetsi. Usiku wake ndi umene ndimapeza kampata kolemba ngati kano, ndili pakhonde, udzudzu ukundimaliza miyendo.

Chandilembetsa lero ndi zinthu ziwiri. Mlongo wanga wa ku Ulongwe wanditumizira mawu pa WhatsApp kuti mwana wake akufuna kukaphunzira za injini za sitima ku Maputo, ndiye akuti achimwene inu muli ku madzi, tiuzeni, ntchito zake ziliko? Tsiku lomwelo mnzanga wina amene amayang'anira ma injini pa kampani ina ya kapenta anandiuza pamene timamwa kena kozizira kuti iye ana a esitajiyo, a sukulu obwera kudzaphunzira ntchito aja, sawafuna ngakhale atamupatsa ulere, akuti amangodziwa kulankhula, sipanala 13 ndi 14 sasiyanitsa. Ndinangoseka chifukwa zaka zinayi zapitazo inenso ndinkalankhula chimodzimodzi, mwinanso kuposa pamenepo.

Ine kwathu ndi kufupi ndi Domwe, ku Angonia, kozizira, kwa kachewere ndi kabichi. Nyanja ndinaiona ndili ndi ndevu kale. Injini ndinaphunzirira pa chigayo cha amalume anga, Lister yakale ija yopukusa ndi dzanja, yoti ukalakwitsa kagwiridwe chogwirira chimakuthyola chala. Kuchoka apo ndinakonzako mathirakitala, kenako magalimoto a malasha ku Moatize nthawi imene ndalama zinali kuyenda, ntchito itatha mnzanga anandikokera kuno. Pepala la sukulu ya zimenezi ndilibe, ndipo ndisaname, mwana wa sukulu akafika ndi diploma yake mumtima mumayamba kaye kuwawa, umaganiza kuti kameneka kabwera kudzandichotsa pampando.

Amene sadziwa amadabwa kuti ku Tete, chigawo chopanda nyanja yamchere, munthu wa injini za sitima akatani. Bwerani mudzaone. Damu la Cahora Bassa anayamba kulimanga mu 1969, mu 1974 madzi anayamba kudzaza, ndipo nyanja yake ndi yaitali makilomita oposa 200, kuchokera ku Songo mpaka ku Zumbo kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe. Anthu ambiri amangodziwa za magetsi, ma turbine asanu aja a 415 MW iliyonse, ndi tsiku la 27 Novembala 2007 pamene damu linabwera m'manja mwa Mozambique. Koma pamwamba pa madziwo pali maboti ambirimbiri, a kapenta, onyamula anthu ndi katundu kupita ku Zumbo, a azungu odzawedza mcheni, ndipo boti lililonse lili ndi injini imene ingafe pakati pa madzi 2 koloko usiku. Kapenta mwini wakeyo ndi mlendo, kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, anamuika ku Kariba cha m'ma 1967 ndi 1968, kenako anatsika yekha ndi Zambezi n'kudzakhazikika kuno. Ndimakonda kuwauza anyamata kuti pano tonse ndife obwera, ndi nsomba yomwe.

Mwana woyamba wa esitajiyo ndinamulakwira, ndiyambe ndi zimenezo. Anali mnyamata wa ku Beira, chaka chake chachitatu pa Escola Superior de Ciências Náuticas ku Maputo, anabwera pa tchuthi chifukwa mayi ake aang'ono amagulitsa kapenta wouma ndiye anamupemphera malo kwa patarau wathu, mwini kampani. Patarau anangoti mutengeni, sitimulipira, adzidya ndi asodzi. Ine ndinamuyang'ana manja, ofewa ngati a mlembi wa ku tchalitchi, ndinati basi uyu akhale ku sitolo, adziwerenga mafyuluta ndi kulemba malita a dizilo. Akayandikira injini ndinkamuti chokapo ungadetse malaya. Milungu isanu ndi umodzi anakhala akuwerenga mafyuluta, kugona pa makatoni, sopo wogula yekha. Tsiku lochoka anabwera kudzanditsanzika mwaulemu, anati shefi zikomo, koma ndikupita osakhudza injekita ngakhale imodzi. Sanakalipe, anangonena basi, n'kukwera shapa, minibasi ya ku Chitima. Mawu amenewo anandikhala pakhosi nthawi yaitali chifukwa amalume anga pa chigayo paja sanandichite choncho, tsiku lachiwiri lomwe anandipatsa sipanala nati masula, ukaononga tikonza.

Kenako ndinayamba kufunsa kuti ana amenewa amafuna chiyani kwenikweni, n'chifukwa chiyani mwana wa ku Maputo angayende makilomita oposa 1,500 kudzagona pa makatoni. Nkhani yake ndi iyi. Ntchito ya pa sitima dziko lonse lapansi imayendera pangano limodzi lotchedwa STCW, la mu 1978, lomwe analikonzanso mu 1995 ndi ku Manila mu 2010. Panganolo limati kuti munthu akhale ofisala woyang'anira injini pa sitima ya mphamvu ya 750 kW kapena kuposa, kalasi yokha sikwanira, afunika miyezi 12 yophatikiza ntchito ya mu ofisina ndi ya pa sitima, ndipo mwa imeneyo miyezi 6 ikhale ya mu chipinda cha injini pansi pa enjiniya wamkulu, zonse zolembedwa ndi kusainidwa mu buku lake la maphunziro. Ndiye mwana amamaliza kalasi bwinobwino, masamu onse wakhoza, koma popanda malo pa sitima satifiketi palibe, popanda satifiketi kampani ya sitima siimulemba, ndipo kampani yomweyo ikalengeza ntchito imalemba kuti tikufuna wa zaka zisanu pa nyanja. Zaka zisanuzo akazitenga kuti, kwa sing'anga? Madoko tili nawo, Maputo, Beira, Nacala, Quelimane, Pemba, gasi wa ku Rovuma anayamba kutumizidwa kunja kuchokera pa sitima ya gasi ya Coral Sul mu Novembala 2022, koma sitima zikuluzikulu zimene zimakocheza m'madoko amenewa zambiri ndi za eni ake akunja, zimabwera ndi anthu awo. Ndiye ana ambiri amangokhala ndi diploma mu envelopu, ena n'kuyamba kugulitsa kirediti ya foni pa msewu.

Apa ndiye pofunika chilungamo kwa ife olemba ntchito a kuno. Injini za pa rigi ya kapenta ndi zazing'ono, ku 750 kW kuja sizifika ngakhale pafupi, zambiri ndi za thirakitala kapena galimoto zimene anazisandutsa za m'madzi. Ndiye musamunamize mwana kuti miyezi yake pano imupatsa satifiketi ya sitima za pa nyanja yamchere. Ndamvapo ena akulonjeza zimenezo kuti apeze wantchito waulere, ndi kuba kumeneko. Ine tsiku loyamba ndimamukhazika pansi, ndimati mwanawe, pano chimene utenge ndi manja, makutu ndi mphuno, ndi kalata yochokera kwa ine yonena zomwe wagwira, za cédula marítima, chiphaso cha wogwira ntchito pa sitima, ndi masiku a pa nyanja ukalankhule ndi a sukulu yako ndi a boma oona za m'madzi. Wina amabwerera pomwepo, palibe vuto. Amene watsala umadziwa kuti watsalira injini.

Wachiwiri amene anabwera anali mtsikana, wa ku Quelimane, wamfupi, wosalankhulalankhula. Asodzi atamuona akutsika ndi chikwama anayamba kuseka, wina anati shefi mwatibweretsera wophika? Pa ofisina pathu pali madala ena a Chinyungwe, kwawo ndi mbali ya Chicoa, mudzi wa makolo awo unamira pamene madzi ankadzaza, agwira ma injini a pa nyanja ino kuyambira ine ndisanadziwe kuti kuli Songo. Tonse timawatcha mestre, kutanthauza katswiri. Iwo sanaseke koma sanamupatsenso moni wabwino, anangoti tione basa, ndiye kuti tione ntchito yake.

Nthawi imeneyo tinali ndi rigi imodzi imene inkativutitsa, injini yake inkatentha. Ikayenda mphindi makumi anayi singano yakwera, azimitse, adikire, ayatsenso. Mestre anali atachotsa kale thermostat, kachipangizo koletsa injini kuyenda yozizira kwambiri, ndi chizolowezi cha amakaniko ambiri kuno, amati ku Tete kotentha chonchi kachinthu kameneka ndi ka ku Ulaya, katayeni. Tinasintha lamba, tinatsuka sefa ya madzi olowa, impela ya pampu, kagudumu ka labala ka mapiko kokankha madzi, tinaika yatsopano mwezi wapitawo chifukwa yakale inali itathetheka. Palibe chinasintha, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuuza patarau kuti mwina gasiketi yapsa, akonze ndalama. Mtsikana uja anapempha kuti apite nawo pamadzi usiku. Ndinakana kaye, kenako ndinalola, ndinamupatsa jekete yoyandamitsa n'kumuuza kapitao kuti mwana uyu akangodandaula chilichonse ntchito yako yatha. Anapita masiku atatu ndi kope la ana a sukulu ndi bolopeni, mphindi khumi zilizonse akulemba kutentha, akugwira mapayipi ndi dzanja, uku kolowa uku kotuluka, akuyang'ana madzi otuluka ku ekizozi. Tsiku lachinayi m'mawa anabwera pomwe ine ndi mestre timamwa tiyi, anaima chapatali manja kumbuyo, anati mestre pepani, impela yakale ija munaichotsa, mapiko ake anali onse? Mestre anati awiri anali atathyoka. Anati nanga zidutswazo munazipeza? Tinayang'anana. Palibe anazifuna.

Tinamasula chivundikiro cha chozizilitsira, kabokosi kaja ka timapayipi ting'onoting'ono momwe madzi a m'nyanja amadutsa kuti aziziritse madzi a injini, ndipo zidutswa ziwiri za labala zinali pompo pakhomo, zitatseka pafupifupi theka la timabowo, pamodzi ndi ndere ndi tizigoba ta nkhono. Ntchito ya mphindi makumi awiri. Ine ndinali pafupi kukakamiza patarau kugula gasiketi ndi kutsegula injini yonse. Mestre anatenga zidutswazo, anaziyang'ana nthawi yaitali pachikhatho, kenako anamupatsa mtsikanayo nati sunga, ukaonetse aphunzitsi ako. Madzulo ake ndinawaona akumuphunzitsa kumvera injini ndi sikuludiraiva, nsonga pa injini chogwirira pakhutu, kuti adziwe valavu imene ikugogoda. Thermostat ija anaibwezera okha patapita sabata, osauza munthu, mtsikanayo atawafotokozera kuti injini yoyenda yozizira kwambiri imadya dizilo wambiri ndipo imadzaza mwaye mkati.

Sindikunena kuti ana a sukulu onse ndi otero ayi. Chaka chotsatira tinalemba mnyamata womaliza maphunziro, diploma yonyezimira, Chingerezi ndi Chipwitikizi ngati madzi, amatha kukufotokozera za injini za sitima zonyamula makontena, zazitali ngati nyumba yosanja, zoyaka ndi mafuta akuda oti uyambe wawatenthetsa. Usiku wina dizilo anathera pamadzi, anathira wina, injini osalira. Mpweya unali utalowa m'mapayipi, chinthu choti mwana aliyense wa pa chigayo amadziwa, umamasula kabawuti pa fyuluta, kupopa ndi dzanja mpaka thovu litatha, kumasula pang'ono payipi ya pa injekita, kuliza, kumanga. Iye anangokhalira kutembenuza kiyi mpaka batire inafa, manyazi omufunsa msodzi. Rigi inayandama usiku wonse mphepo ikuikankhira ku mitengo, paja nyanja ino pansi pake pali nkhalango yomira, mitengo youma ili chiimire, ndipo mwezi wa Julaye mphepo ya kummwera ikabwera mafunde ake si masewera. M'mawa tinakawakoka. Mnyamatayo nkhope ili pansi anati shefi ndichotseni ntchito. Ndinati iwe, ndikakuchotsa ndiye batire yanga ndaiphera chiyani? Ndinamupatsa injini yakale ya kuseri kwa ofisina, ndinati ulowetse mpweya dala, uutulutse, kakhumi, ine ndikuyang'ana. Lero ameneyo ali ku Nacala pa boti lokoka sitima padoko, amanditumizira zithunzi atavala ovolosi yoyera.

Ndiye mnzanga uja akamati sasiyanitsa sipanala, mbali ina akunena zoona. Koma sipanala munthu amaphunzira sabata imodzi. Chimene ana amenewa amabwera nacho, chomwe ife a pa chigayo tilibe, ndi chizolowezi cholemba ndi kufunsa kuti chifukwa chiyani. Tisanayambe kuwatenga, oyilo tinkasintha pongoyang'ana kuda kwake kapena patarau akakumbuka. Pano rigi iliyonse ili ndi kope lake, maola a injini, malita a dizilo usiku uliwonse, utsi unali wotani, wakuda, woyera kapena wabuluu ngati wa oyilo. Kope limenelo linatiululira zambiri, zina zosakhudza injini n'komwe, mwachitsanzo rigi ina imene inkamwa dizilo wambiri usiku umene yayandikira gombe lina lake, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Amadziwanso kuwerenga chithunzi cha mawaya, ndipo pa rigi magetsi ndiye moyo, getsi likazima kapenta amabalalika usiku wonse wapita. Za chitetezo ndiye amachita kukuvuta nazo, chozimira moto chili kuti, chinatha liti, bwanji mukusuta pafupi ndi mgolo wa dizilo. Poyamba zimakwiyitsa, koma ukakumbukira anthu amene nyanja ino yadya umangokhala chete n'kukagula chozimira motocho.

Pa nkhani ya malipiro ndinakangana ndi patarau mpaka anandiuza kuti ngati ukuwakonda uziwalipira wekha. Ndinamuwerengera mtengo wa gasiketi, masiku amene rigi ikanakhala kugombe, makilo a kapenta amene akanataya, ndinati bwana, kamtsikana kaja kakupulumutsirani ndalama zoposa zimene mungalipire ana atatu chaka chonse. Anthu a bizinesi chifundo samva koma masamu amamva. Pano wa esitajiyo amalandira kenakake mwezi uliwonse pa M-Pesa, sizambiri, koma sopo, kirediti ndi ya shapa yobwerera kwawo zimakwana, chakudya ndi chathu, ovolosi ndi nsapato ndi zathu, ali ndi chipinda chokhala ndi loko ndi neti ya udzudzu. Neti musaiwale, malungo a kuno amagwetsa mwana wa ku Maputo sabata yachiwiri. Esitajiyo yaulere imangothandiza mwana wa munthu wolemera amene bambo ake angamutumizire ndalama, mwana wa mlimi wa ku Tsangano kapena ku Furancungo sangaikwanitse, ndiye mapeto ake ntchito zabwino zonse zimabwerera ku mabanja omwe aja.

Anthu amandifunsa kuti ndimasankha bwanji. Ma CV amabwera pa foni, onse ofanana ngati anakopera kwa munthu mmodzi, dinâmico, proactivo, zonsezo sindiwerenga. Ndimaimba foni n'kufunsa kuti chinthu chomaliza chimene unamasula ndi manja ako ndi chiyani. Wina amati njinga yamoto ya achimwene anga, wina jenereta ya ku tchalitchi, wina fani ya amayi, zonse ndimalandira, bola afotokoze chimene chinavuta ndi chimene anaononga, chifukwa amene sanaonongepo kanthu sanamasulepo kanthu. Kenako ndimafunsa ngati amatha kusambira, mungadabwe kuchuluka kwa ofuna ntchito ya pamadzi amene sanalowepo m'madzi opitirira m'chiuno. Akafika kuno ndimamupatsa kabotolo ka oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka n'kumufunsa kuti injini iyi ikudwala chiyani. Akati madzi alowa mu oyilo, chabwino. Akati sindikudziwa koma ndingayambe kuyang'ana apa ndi apa, chabwinonso, mwinanso kuposa. Amene ndimamuopa ndi uja woyankha msangamsanga ndi mawu akuluakulu kuti abise kuti sakudziwa, ameneyo ndi amene adzaphe batire usiku.

Chilankhulo nachonso ndi nkhani. Pa rigi imodzi mumapezeka Mnyungwe, Mchewa wa ku Angonia kapena Macanga, wina wolankhula Chishona wa mbali ya Mucumbura, ndipo mayina a zipangizo ndi osakaniza, china Chipwitikizi, china Chingerezi cha ku Zimbabwe chifukwa luso la kapenta linachokera ku Kariba. Mwana wa kummwera wolankhula Chichangana amakhala ngati wagwa kumwamba. Ndimawauza kuti aphunzire moni ndi mayina a zinthu mwezi woyamba, ndipo asadye payekha. Enjiniya amene amadyera nsima kumbali asodzi samuuza kuti injini inasintha kaliridwe usiku, amangomusiya adzaone yekha ikafa.

Pali kanthu kena koseketsa kamene ndinamva kwa mmodzi wa ana omwewa, ine sindinkakadziwa. David Livingstone mu 1858 anabwera ndi sitima ya nthunzi yotchedwa Ma Robert, akuganiza kuti Zambezi ukhala msewu wa sitima mpaka mkati mwa Africa. Sitimayo inkadya nkhuni zosaneneka, inkadontha, inkapuma mwabefu mpaka anaipatsa dzina loti Asthmatic, ndipo enjiniya wake, George Rae wa ku Scotland, ndi amene ankavutika nayo tsiku ndi tsiku. Atadutsa Tete anakakumana ndi mathithi a Kebrabasa, pomwe pali damu leropa, ulendo unathera pomwepo, n'chifukwa chake anatembenukira ku Shire. Mestre atamva anaseka mpaka kutsokomola, anati ndiye kuti makaniko woyamba kulira pa mtsinje uno si ine.

Tsono kwa mlongo wanga, ndi ena a kwathu amene ana awo akufuna njira imeneyi. Kuchokera ku Ulongwe, Maputo ndi kutali kwambiri, pamene Monkey Bay ku Malawi, komwe kuli Marine Training College ndi doko la Ilala, sitima ija inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanja mu 1951, ndi pafupi, ungodutsa pa Calomue kulowa Dedza n'kutsika Golomoti. Ambiri kwathu amayang'ana kumeneko chifukwa chilankhulo ndi chimodzi ndipo achibale ali mbali zonse ziwiri. Koma pepala la dziko lina limafuna kulivomerezetsa kuno musanaligwiritse ntchito, ndiye ganizirani kaye kumene mwanayo akufuna kudzagwira. Ndipo musaiwale kuti pa Songo pomwepa pali Instituto Superior Politécnico de Songo, yophunzitsa za magetsi ndi za madzi, si za sitima koma mwana wokonda makina angayambire pamenepo ali pafupi ndi kwawo. Chimene ndamuuza mlongo wanga ndi chakuti munthu wodziwa dizilo, mapampu ndi majenereta sagona ndi njala m'chigawo chino, sitima ikasowa pali migodi ya ku Moatize, pali njanji ya ku Nacala, pali zipatala ndi mahotela okhala ndi majenereta, pali ife. Koma ndamuuzanso kuti tchuthi chikubwerachi amutumize kuno kaye milungu itatu, akagone pa rigi, asanze, anunkhe kapenta, tione ngati adzafunabe.

Chimene chimamuwawa patarau mpaka lero n'chakuti ana amenewa sakhalitsa. Umamuphunzitsa chaka chimodzi, ziwiri, wayamba kumva injini ndi khutu, basi foni yalira, Beira kapena Pemba, wapita. Amati tikuphunzitsira anthu ena. Ine poyamba zinkandiwawanso, makamaka mtsikana wa ku Quelimane uja atapeza malo pa boti la nkhanu za m'nyanja ku Beira, mestre anakhala masiku awiri osalankhula ndi munthu. Koma mwana amene anaphunzira kuti adzayendetse injini ya sitima sungamumangirire pa injini ya thirakitala moyo wake wonse, ndipo ine kalata yomuchitira umboni ndimalemba ndi mtima umodzi, ndimalembamo zenizeni, ma injini amene anatsegula, maola amene anakhala pamadzi, ngakhale za zidutswa za impela zija ndinalembamo. Mtsikanayo ndi amene anatitumizira ana awiri otsatira, anawasankha yekha, anawauziratu kuti mukapita kumeneko madala aja musawatsutse pagulu, muziwafunsa ngati simukudziwa ngakhale mukudziwa. Sipeya wina wosowa ku Tete amatigulira ku Beira n'kutumiza pa basi.

Mnyamata woyamba uja wa mafyuluta ndinamusaka pa Facebook chaka chatha, ndinamupeza, ali ku Matola akukonza majenereta. Ndinamulembera kuti aphwanga, ndinakulakwira nthawi ija. Anayankha patapita masiku anayi, anati palibe kanthu shefi, koma mafyuluta a dizilo a pa shelefu yachiwiri aja munasiya kuwasakaniza ndi a oyilo? Sitinasiye.

Mwezi ukayamba kuchepa maboti abwerera pamadzi Lachinayi, ndipo Loweruka kukubwera ana awiri atsopano, mmodzi wa ku Inhambane, wina wa konkuno ku Moatize. Denga la chipinda chawo likudontha pakona ndipo matiresi imodzi makoswe aboola, ndiye mawa m'mawa ndisanayambe winchi ya rigi yachitatu ndiyambira kumeneko. Mestre asunga kale injini yakale ija kuseri kwa ofisina, amasula dala kabawuti ka pa fyuluta kuti mpweya ulowe, akuti tione basa.